Ndulu

Zaka makumi awiri ndakhala ndikusenda mbuzi pa Chitakale,
ndipo choyamba chimene ndimaphunzitsa mnyamata aliyense
si kunola mpeni ayi,
ndi kathumba kobiriwira kaja komata pachiwindi.
Kagwire ngati diso la khanda, ndimatero,
kakaphulika nyama yawawa, tsiku lapita.

Sindinaganizepo kuti nanenso ndili nako.

Ndinali munthu wa thupi.
Minibasi ya ku Limbe inkandilipiritsa mipando iwiri,
wakabaza akandiona ankayang'ana kuphiri
ngati kuli wina akumuitana.
Shuga, kuthamanga kwa magazi,
mawondo olira ngati chitseko cha sitolo yakale.
Mwana wanga Esinala, amene amasambitsa nkhalamba za eni ku Joni,
anasunga ndalama zaka zinayi
nati, Ababa, bwerani adzakuchepetseni chifu.
Ndinapita pa basi, masiku awiri matako ali dzanzi,
ndinabwerako ndi chifu chonga nthochi imodzi ya sukari.

Thupi linasungunuka ngati mafuta pachiwaya.
Lamba ndinamuboola ndi msomali kasanu ndi kawiri.
Pamsika anayamba kunong'onezana,
ena ati kaliwondewonde,
ena ati wakhwimira bizinesi, walipira ndi mnofu wake.
Ine ndinkangoseka,
poti zingwe za nsapato ndinkamanga ndekha,
ndipo tsiku lina ndinayenda mpaka ku Likhubula
osakhala pamwala ngakhale kamodzi.

Kenaka inafika nyengo ya mapeyala.
Theka lokha, lowaza kamchere, madzulo a Lachinayi.
Pakati pa usiku china chake chinandigwira
pansi pa nthiti za kumanja,
chinapota, chinakwera, n'kukaluma kuseri kwa phewa.
Ndinagwada pasimenti thukuta lili kamukamu,
kunja chiperoni chikunyambita malata,
mayi a kunyumba akundithowa msana ndi nsalu yotentha
akufunsa, kodi ndi mtima? kodi ndi mtima?

Kuchipatala a Muhiwa anandipaka zoterera pamimba,
nayendetsa kachida kawo uku ndi uku,
natembenuza kanema kuti ndidzionere.
Timiyala, anatero, werengani nokha.
Thupi likatsika mothamanga ndulu imatsalira m'mbuyo,
madzi ake amaundana.
Ndinawerenga tisanu ndi tinayi.
Ine, amene ndinatula makilogalamu makumi anayi,
kugwetsedwa ndi zinthu zosakwana nandolo wa m'dzanja limodzi.

Dzina langa lili m'buku lawo,
tsamba la mwezi wamawa, mwina winawo.
Pakadali pano ndimadya ngati munthu wolapa:
mpiru wowiritsa wopanda nsinjiro,
chinangwa chophika, tiyi wosaona mkaka.
Chiwaya chikayamba kulira
ndimakaima kumene kukuchokera mphepo.
Wolawa mchere masiku ano ndi Dafuleni,
ndipo dzanja lake ndi lolemera, makasitomala andiuza.

Esinala akaimba foni ndimati kuno kulibe vuto,
mvula yokha ndiyo yanyanya.
Akubwezabe ngongole ya mpeni woyamba.
Za wachiwiriwu adzamva ndikadzuka,
adzakalipe ndili ndi ulusi pamimba.

Dzulo Dafuleni anaphulitsa ndulu.
Inayenderera pachiwindi mpaka pathebulo
ndipo mnyamatayo anaima chilili, kudikira mawu anga aja.
Ndinangomulanda mpeni, n'kusepa pamene padetsedwa,
n'kumutuma madzi.
Mbuzi yachiwiri ndinatumbula ndekha.
Kathumba kake ndinakachotsa bwinobwino,
ndinakakweza kudzuwa, minda ya tiyi ikuonekera kuseri kwake,
ndinakafinya pang'onopang'ono ndi zala ziwiri
kufuna kumva ngati muli kanthu kolimba.
Munalibe.
Madzi okhaokha, ofewa, otentherabe.

Ndinakaponyera galu wa pamsika.
Ananunkhiza, anandiyang'ana,
n'kupita kukagona pansi pa benchi.